Mphika Wopanda Mchere

1. Mmemo wa pa depoti

M'chaka cha 2003 nandolo anabereka mosasamala, kuchokera kwa Jenala mpaka kwa Nazombe m'boma la Phalombe. Depoti yogula mbewu imene inali m'mbali mwa msewu wafumbi inadzaza matumba mpaka kudenga. Mwini wake ankakhala ku Limbe. Ankabwera kamodzi pa sabata, n'kukalipa, n'kubwerera. Woyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku anali a Goodman Namakhwa, amene onse ankawaitana kuti akapitawo.

A Namakhwa anali chimunthu chadzitho, cha khosi lalifupi ndi mimba yotsogola. Ankaisisita mimbayo n'kumati, "Uwu ndiye ulemu wa munthu wolembedwa ntchito." Fodya wachingambwe sankachoka pakamwa pawo. Madzulo alionse ankaima pa chiwaya n'kumadya nkhumba yonona, akuisunsa mumchere ndi tsabola.

Zelifa anali mwana wa mlongo wawo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sukulu anailekera Fomu 2. Amalume akewo ndiwo anamupezera ntchito yophika mmemo, chakudya chamasana chimene antchito amasonkherana n'kudyera pamodzi. Amuna khumi ndi awiri ankadya za m'manja mwake. Anali mtsikana wa pakamwa pakuthwa koma wa dzina loyera. Pamudzi ponse panalibe amene akanamuloza chala.

2. Chenjezo la a Msiska

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, a Namakhwa akukalipira anyamata osoka matumba, anangoona mdima. Anatsamira khoma. Zelifa yekha ndiye anaona. Mawa lake anawakakamiza mpaka anapita nawo ku chipatala chaching'ono cha m'deralo, atanamiza anzawo a kuntchito kuti akukaona wodwala.

Anawalandira a Msiska, mayi wachikulire wochokera ku Rumphi amene anagwira ntchito yachipatala zaka zambiri. Anawamanga lamba wopopa pamkono, n'kupima kawiri. Kenako anavula magalasi.

"Bambo Namakhwa, ndikuuzani mosapsatira chifukwa ndinu munthu wamkulu. Magazi anu akuthamanga kwambiri. Matenda amenewa saodira pakhomo. Munthu amayenda, amaseka, amalima, pomwe mtima wake ukuvutika ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga pachitunda. Tsiku lina ng'ombe ija imangogwada. Ena amafa ziwalo mbali imodzi, ena sadzukanso.

"Koma njira ilipo, ndipo si yodula. Mchere chepetsani kwambiri. Nyama yamafuta ya pa chiwaya isiyeni. Fodya tayani lero, osati mawa. Mowa nawo chimodzimodzi. Idyani nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba, nandolo yemwe mukugulayo, nthochi ndi mapapaya. M'mawa kusanatenthe muziyenda pansi ndawala, mimbayi ichepe. Piritsi ili muzimwa tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene mukumva ngati mnyamata.

"Tsono za kuntchito. Masana muzipuma pamthunzi ndi kumwa madzi. Matumba olemera musanyamule mpaka titaona kuti magazi atsika. Kukalipa kuchepe, chifukwa ukali umakwapula mtima wa mwini wake yemwe. Ndipo abwana anu adziwe. Pantchito pamene munthu amaopa kunena kuti akudwala, pamenepo pamaikitsa anthu maliro."

Anatembenukira kwa Zelifa. "Iwe mwanawe, wamva? Mphika uli m'manja mwako. Uwathandize amalume akowa."

"Ndamva, amayi," anayankha Zelifa.

3. Lumbiro la panjira

Atangopitirira mpanda wa chipatala, a Namakhwa anaima pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Zelifa, zimene wamvazi zithere pompano."

"Koma amalume, adokotala anena kuti abwana adziwe."

"Adokotala amalandira malipiro a boma! Bwana uja akangomva kuti kapitawo ndi wodwala, mawa lomwe abweretsa wina kuchokera ku Limbe. Waiwala mmene anamuchotsera ntchito Samuel chaka chatha atangoyamba kutsokomola? Komanso anthu akaona ndikudya pambale yanga ndekha, thupi likuchepa, anena chiyani masiku anowa? Anena kuti Namakhwa watenga matenda aja. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, magazi anga. Lumbira."

Zelifa anayang'ana nkhope ya munthu amene anamugulira yunifolomu yake yoyamba ya sukulu.

"Ndalumbira, pali mayi anga. Koma inunso mulonjeze kuti mutsatira zonse zimene anena."

"Ndalonjeza. Tenga bukuli, uzilisunga ndiwe. Mu ofesi muja mumalowa anthu ambiri."

Anamupatsa buku lawo la kuchipatala. Zelifa analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pansi pa chikwama chake.

4. Kambale kapambali

Pa mmemo anthu ankadya m'magulu, anayi mbale imodzi ya ndiwo. Kuphikira amalume ake mphika wapadera kukanaulula chinsinsi. Choncho Zelifa anapeza nzeru. Anasiyiratu kuthira mchere mumphika. Ankauika pakambale pambali kuti aliyense azidzithirira mbali yake. Mafuta anachepetsa, masamba anachulukitsa. Anaikanso ndowa ya madzi akumwa pakhomo la depoti.

Tsiku loyamba anthu anaseka.

"Achemwali, ndiwozi mwaphikira anthu kapena akalulu a m'khola?" anafunsa Davison, mnyamata wosoka matumba. Davison ameneyu anamufunsirapo Zelifa kawiri, ndipo kawiri konse anabwerera manja ali m'khosi.

"Mchere uli apo, manja muli nawo," anatero Zelifa. "Kapena mukufuna ndikutafunireninso?"

"Mayo ine! Pakamwa ngati lumo. Adzakukwatira ndani iwe?"

"Amene amasamba."

Onse anafa nacho chikhakhali, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kudera limenelo aliyense ankadziwa mwambo woti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. M'mbuyomo, masiku otere akafika, Zelifa ankaitana a Amosi, mkulu woyeza matumba pa sikelo, kuti amuthirire. Amunawo anangoganiza kuti ndi masiku omwewo.

Koma sabata inatha, ina n'kutha, mwezi n'kupita. Kambale kaja sikanachoke. Kuseka kunasanduka manong'onong'o.

A Namakhwa anayesetsa masabata atatu okha. Mutu unasiya kuwawa, tulo tinabwerera. Atangomva bwino, anaiwala zonse. Zelifa anawapeza kuseri kwa depoti akusuta. Tsiku lina anawaona pa chiwaya, mafuta ali chuchuchu m'zala.

"Amalume, mapiritsi aja mukumwa?"

"Amandikodzetsa pafupipafupi. Ukufuna anyamatawa aziwerenga maulendo anga a kuchimbudzi?"

"Munalonjeza."

"Usandilankhule ngati ndiwe unandibala. Kaphike!"

Pofika Okutobala, a Namakhwa ankapuma mwawefuwefu akangoyenda kuchoka pa sikelo kufika mu ofesi.

5. Mlandu wa masana

Linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. Lole yochokera ku Limbe inaima pabwalo, thabwa lokwezera matumba litatsamira kumbuyo kwake. Tayala limodzi lakutsogolo linali litaphulika polowa pageti, choncho analichotsa n'kulitumiza kumsika kukamatitsa. Dalaivala wake, a Howard, anali munthu wokhulupirika wa bwana. Chilichonse chimene ankamva ku Phalombe chinkafika ku Limbe tsiku lomwelo. Iwonso anakhala nawo pa mmemo.

Anthu akusamba m'manja, a Namakhwa anayesa kuvula majombo awo. Anakanika.

"Davison, tandikokera jomboyi. Yandithina."

Davison anakoka mwamphamvu mpaka jombo inavuka. Onse anayandikira. Phazi linali lotupa ngati dzungu, mwendo wonse uli nyezinyezi. A Amosi anagwada, n'kudina ndi chala pamwamba pa phazilo. Chala chitachoka panatsala kadzenje.

"Akapitawo, mumamva kupweteka pachifuwa?"

"Pang'ono."

"Mpweya umakuthawani?"

A Namakhwa anayang'ana kumbali. A Amosi anadzuka pang'onopang'ono, akupukusa mutu.

"Ana inu, ine ndaona zambiri. Ili ndi tsempho. Makolo athu sanali opusa poletsa mkazi woyendayenda kuthira mchere m'ndiwo za anthu. Mchere ndi wosatentha pakamwa koma umanyamula moto wa munthu amene wauthira. Munthu akadya, amayamba kutupa miyendo, chifuwa chimamanga, mapeto ake ndi kumanda. Ndinaika mchimwene wanga ndi matenda omwewa. Mankhwala ake ndi amodzi: wolakwayo avomere, ndipo wodwala apite kwa sing'anga msanga."

"Nanga tifunsenso kuti wolakwa ndani?" anatero Davison mokweza. "Amatiphikira ndani pano? Miyezi iwiri yathunthu mtsikana akuthawa mchere! Ndi mwezi wanji umene suthawu? Akudziwa zimene amachita akaweruka. Poyamba ankathira, wawadula amalume ake. Ataona kuti zavuta, ndiye wayamba za tiziwiya tapambali. Ife kumatikana ngati ndife agalu, kumbali akugawa ngati ndiwo za pamaliro!"

Chikho chimene Zelifa ananyamula chinagwa, madzi n'kumwazika.

"Davison, ubwereze."

"Ndanena kale. Ngati ndikunama, tiuze chifukwa chake sukhudza mchere."

Zelifa anatembenukira kwa amalume ake. Mawu amodzi okha ochokera kwa iwo akanazimitsa moto wonsewo.

"Amalume, auzeni."

A Namakhwa anayang'ana phazi lawo. Kenako anaponya diso kwa a Howard, amene anali atasiya kudya n'kumamvetsera.

"Amalume, mukudziwa chifukwa chake. Auzeni anthuwa."

"Ine ndingadziwe bwanji," anatero a Namakhwa ndi mawu otsika, "zimene ana a masiku ano amachita akatuluka pakhomo?"

Amuna aja anang'ung'udza. Wina anakankhira kutali mbale ya ndiwo. Wina analavula.

"Mwamva nokha," anatero Davison.

"Amalume!" anakuwa Zelifa. "Ine? Mukundigulitsa ine?"

"Usandikuwire pamaso pa anthu. Kuyambira mawa tipeza wina wophika. Nkhaniyi tikakambirana kumudzi ndi mayi ako."

Kumudzi! Zelifa anadziwa tanthauzo lake. Dzuwa lisanalowe, nkhani ikanafika pamjigo, kutchalitchi ndi kumsika. Mtsikana amene anadula malume wake ndi chiwerewere. Dzina lotere silichoka ndi sopo.

Analowa m'khitchini. Anthu anayesa kuti wapita kukalira. Anatuluka atanyamula buku lokulungidwa m'pulasitiki.

"Zelifa," anatero a Namakhwa, maso atatuzuka. "Unalumbira pa mayi ako."

"Ndinalumbira kusunga chinsinsi cha malume wanga. Munthu amene wakhala apayu sindikumudziwa."

Anatsegula bukulo n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone chidindo.

"Goodman Namakhwa, zaka makumi asanu ndi chimodzi. Pa 12 Ogasiti anawapeza ndi matenda othamanga magazi. Adokotala anawaletsa mchere, nkhumba yamafuta, fodya ndi kunyamula matumba. Anawapatsa mapiritsi, iwo anasiya kumwa. Ine ndinachotsa mchere mumphika kuti adye nanu limodzi popanda wowaseka. Ndimo mmene ndawadulira amalume anga! A Amosi, ndimakulemekezani, koma miyendo iyi yatupa chifukwa mtima watopa. Werengani nokha. A Howard, inu mumadziwa Chingerezi, werengani!"

A Howard analandira bukulo. Anawerenga mwakachetechete, milomo ikugwedera. Atamaliza anayang'ana a Namakhwa nthawi yaitali.

"Akapitawo, abwana akudziwa zimenezi?"

6. Thabwa

A Namakhwa anadzuka, phazi limodzi lili m'jombo, lina lili pansi. Nkhope yawo inali itada ngati kumwamba kwa mvula yoyamba.

"Zabodza! Achipatala amalemba chilichonse kuti mapiritsi awo ayende. Ine wodwala? Ine Namakhwa, amene ndinayamba kusenza matumba ana inu musanabadwe?"

"Khalani pansi, akapitawo," anatero a Howard.

"Ukauze bwana wako zimene uone ndi maso akowa."

Anapita pamulu wa matumba. Sanasankhe laling'ono. Anagwira thumba la makilogalamu makumi asanu ndi anayi, limene anyamata ankathandizana awiri poliika pamsana.

"Amalume, musatero!" anakuwa Zelifa. Mkwiyo wonse unamuthera nthawi yomweyo. "Nditukwaneni, ndichotseni ntchito, koma thumbalo lisiyeni. Adokotala anakuletsani!"

"Choka, mwana wopanda mwambo."

Anabuula kamodzi, thumba n'kukwera pamsana. Misempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe. Anayenda kupita pa lole. Anyamata ena, mwa uchitsiru wawo, anayamba kuwomba m'manja.

"Akapitawo omwewo! Kuti wawawa!"

Anaponda thabwa. Phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Thabwa linalira. Atafika pakati anaima. Anthu anayesa kuti akufuna kudzionetsa. Kenako dzanja lawo lamanja linasiya thumba n'kugwira pachifuwa. Thumba linatsetsereka, n'kuphulika pansi, nandolo n'kumwazika bwalo lonse. A Namakhwa anagwada pathabwapo, n'kugwera chammbali pafumbi.

Zelifa ndiye anayamba kufika. Anawamasula mabatani a malaya. Thukuta lozizira linali thupi lonse, milomo itayera, mpweya ukutuluka movutikira.

"Ali moyo! A Howard, lizani galimoto!"

"Ndiliza bwanji, mwanawe? Ili pa jeke. Tayala silinabwere."

"Njinga! Bweretsani njinga!"

Davison anathamanga n'kubwera ndi njinga yake ya kaliyala wamkulu wonyamulira matumba. Amuna anayi anawanyamula a Namakhwa n'kuwakhazika pakaliyala, awiri akuwagwirizira uku ndi uku. Anakankha njinga kutuluka pageti, Zelifa akuthamanga pambali, buku lili m'manja.

Patsogolo pang'ono msewu unagawikana. Njira yakumanzere inkapita ku chipatala. Yakumanja inkakwera kunsi kwa phiri, kumene kunkakhala sing'anga wodziwika ndi za tsempho. Davison anakhotetsera chiwongolero kumanja.

"Mukupita kuti?" anafunsa Zelifa.

"Kumene kuli mankhwala ake," anayankha a Amosi. "Waona wekha, mwanawe. Wangotsegula pakamwa, munthu wagwa. Tsempho likafika pachifuwa, jakisoni amangomalizitsa."

"Wawagwetsa ndi thumba, osati ine! Mtima ukuima uwu. Mukachedwa nawo kuphiri afera panjira."

"Tapatuka iwe," anatero Davison. "Wawononga kale zokwanira."

Zelifa analumphira kutsogolo kwa njinga. Anapana tayala ndi mawondo ake n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, pamwamba pa manja a Davison.

"Mundiponde kaye."

"A Amosi, mchotseni uyu!"

"Ndati mundiponde! Mwandipaka matope pamaso pa anthu, ndapirira. Koma munthu uyu simupita naye kuphiri ine ndili moyo."

Amuna aja anagawikana. Ena ankati mtsikanayo akunena zoona, buku analiona ndi chidindo chomwe. Ena ankati buku silidziwa za makolo. A Howard anafika akuthamanga, akupuma mwabefu.

"Mukukangana chiyani munthu akufa? Mwini wake sanafe. Mufunseni!"

Pamenepo a Namakhwa anatsegula maso. Anayang'ana njira yakumanja, n'kuyang'ana yakumanzere. Kenako maso awo anaima pa Zelifa, amene misozi inali itasakanikirana ndi fumbi kumaso kwake.

"Amalume," anatero Zelifa motsitsa. "Mukasankha kuphiri, ndiye kuti mwavomera kuti ndine ndakudulani. Mukasankha kuchipatala, auzeni anthuwa zoona. Nthawi yatha. Nenani."

Milomo ya a Namakhwa inayamba kugwedera. A Amosi anakweza dzanja kuti onse akhale chete, n'kuweramitsa khutu lawo pafupi ndi pakamwa pa wodwalayo.

"Kuchipatala," ananong'ona a Namakhwa, "mwanayu alibe mlandu."